Munthu wamba wapulumutsa mlendo m'madzi: timulemekeze bwanji moyenera?

Mlembi wa komiti, Chigwa cha Shire:

Moni nonse akuluakulu. Funsoli ndi la ife amene timakhala m'makomiti a m'midzi ndi a m'mipingo. Madzi akasefukira, monga zinachitikira mu Januwale 2015, pa namondwe Ana mu 2022 ndiponso pa Freddy mu Malichi 2023, oyamba kufika pangozi kawirikawiri sakhala asilikali kapena a Red Cross. Amakhala msodzi ndi bwato lake, mnyamata wa kabaza, mayi amene amachapa padooko. Ena amavulala, ena bwato limasweka, ena sabwerera n'komwe. Madzi akaphwa timatanganidwa ndi za matenti ndi ufa wa thandizo, dzina la munthu uja n'kuzimirira.

Mudzi kapena mpingo ukafuna kulemekeza munthu wotere, uyambire pati? Tisankhe bwanji popanda kuyambanitsa anthu? Timpatse ndalama kapena katundu? Nanga ngati anafera komweko? Ena akutinso mwambo wotere ungachititse ana kumadziponya m'madzi pofuna kutchuka. Odziwa, tithandizeni.

Mphunzitsi wopuma:

A mlembi, ndiyambe ndi za kusankha, chifukwa zinthu zimawonongekera pamenepo. Nkhani ya chipulumutso imanenepa ikamayenda pakamwa. Lachiwiri wapulumutsa ana 2, pofika Lamulungu ndi ana 9, ndipo wina amene anangoima pamtunda n'kumakuwa walowamonso m'nkhani. Mukaveka nkhata wolakwika, mwanyoza mwini ntchito pamaso pa mudzi wonse.

Ku America kuli bungwe limene lagwira ntchito imeneyi zaka zoposa 100, la Carnegie Hero Fund Commission, mumzinda wa Pittsburgh. Linayamba mu 1904, mgodi wa malasha wa Harwick utaphulika mu Januwale chaka chimenecho n'kupha anthu 181. Awiri mwa iwo, Selwyn Taylor ndi Daniel Lyle, anafa atalowa mumgodimo kukapulumutsa ena. Nkhaniyi inamukhudza Andrew Carnegie, mpondamatiki wa fakitale za zitsulo, ndipo anapatula madola 5 miliyoni kuti azithokozera anthu otere ndi kusamalira mabanja awo. Kufika lero apereka mendulo zoposa 10,000, ndipo pa anthu 5 alionse, pafupifupi mmodzi anailandira atamwalira. Bungweli limagwira ku America ndi ku Canada, kuno silifika, koma miyeso yake ndi yogwirika. Munthuyo akhale wamba, amene kupulumutsa si ntchito yake yolembedwa. Akhale atachita mwa kufuna kwake. Akhale kuti anaikadi moyo wake pachiswe kwambiri. Asakhale amene anali ndi udindo wonse woyang'anira wopulumutsidwayo. Umboni ukhale wokwanira, ndipo nkhaniyo iwafike pasanathe zaka 2.

Pamudzi ndingachite motere. Sankhani anthu 5 ofufuza, amayi akhalemo osachepera 2, ndipo wachibale wa wopulumutsa kapena wa wopulumutsidwa asakhalemo. Yambani pasanathe masabata 2 kapena 3, anthu asanagwirizane nkhani imodzi. Funsani wopulumutsa payekha, wopulumutsidwa payekha, ndi mboni zosachepera 2 zochokera m'mabanja osiyana, aliyense payekha. Musawafunse kuti "kodi ujeni anachita chamuna?" chifukwa aliyense angovomera. Funsani zinthu zoyezeka: inali nthawi yanji, kunja kunali kowala kapena mdima, wopulumutsidwa anali pamtengo, padenga kapena m'madzi, madziwo amalekeza m'mawondo, m'chiuno kapena m'khosi, panagwiritsidwa chingwe, bwato kapena manja okha, anagwira chingwe kumtunda ndani, atatuluka anapita nawo kuti. Kenako pitani pamalopo, muyeze mtunda ndi mapazi, mujambule papepala pomwe panali aliyense. Ngati wina anapita kuchipatala, buku lake la kuchipatala lili ndi tsiku. Ngati panali imfa, kupolisi kuli lipoti.

Zonsezi zilowe patsamba limodzi kapena awiri, ofufuza asayinire, amfumu adindepo. Kope limodzi likhale ku komiti, lina kwa agulupu ndi a T/A, lina kwa bwanamkubwa wa boma. Boma kapena bungwe likadzafuna mayina a anthu oti alemekezedwe, pepala lokhala ndi tsiku, mboni ndi chidindo ndi limene limayenda.

Chenjezo limodzi: andale akafuna kuthandiza, athandize, koma pabwalo pasaoneke nsalu za chipani. Zikaoneka, theka la mudzi silibwera, ndipo wopulumutsa uja amasanduka wa chipani osafuna.

Mayi wa banki m'khonde:

Aphunzitsi afotokoza bwino. Ine ndiyankhe za mphatso, ndipo ndinene mosabisa kuti mendulo ndi satifiketi zibwere pambuyo. Choyamba werengani zimene munthuyo wataya. Bwato linang'aluka? Nkhafi, ukonde, foni, njinga zinapita ndi madzi? Wakhala masiku angati osapita kuganyu? Anatemeka ndi malata kapena misomali ya m'madzi, ndipo analandira jakisoni wa kafumbata? Ndalama yoyendera kuchipatala anakongola kwa yani? Zimenezi n'zobwezeretsa, si mphatso ayi. Kumuimbira nthungululu munthu amene kunyumba kwake agona ndi njala chifukwa bwato lodyera linathera pa ife, n'kumunyoza.

Zikabwezeretsedwa, ndiye pabwere chithokozo. Envelopu ya ndalama yolengezedwa pabwalo ndi imene imabweretsa mavuto ambiri. Madzulo omwewo angongole afika, achibale afika, ndipo usiku akuba adziwa khomo. Pakatha mwezi munthu alibe kanthu koma adani. Ndi bwino kumufunsa mwakachetechete chimene akusowa, komiti n'kugula yokha: malata, feteleza nyengo ya dzinja isanafike, mbuzi yaikazi, njinga. Ngati ali ndi ana a kusekondale, fizi ipite molunjika kusukulu, teremu ndi teremu, lisiti n'kusungidwa. Ngati ndi wachinyamata, kumulipirira maphunziro a ntchito zamanja kumakhalitsa kuposa china chilichonse. Kumbukirani Mamoudou Gassama, mnyamata wa ku Mali uja amene mu Meyi 2018 anakwera ndi manja nsanjika 4 za nyumba ku Paris kukagwira mwana wa zaka 4 amene amalendewera pakhonde. Anakumana ndi pulezidenti Emmanuel Macron, inde, koma zimene zinasintha moyo wake ndi mapepala a unzika wa France ndi mwayi wolowa m'gulu la ozimitsa moto. Ife sitingapereke unzika, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Ndalama zosonkha zikhale ndi osayinira 3, potapa pasayine 2. Zobwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba zisalowe pa nambala ya munthu mmodzi popanda kaundula. Lipoti la zolowa ndi zotuluka liwerengedwe ku komiti, koma kuchuluka kwa zimene wolandira walandira kusalengezedwe pa chinkuzamawu.

Ngati wopulumutsa anafera m'madzi, apa samalani kwambiri. Musanapereke kanthu, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri pamaso pa amfumu, mulembe kuti thandizoli ndi la mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana, ndipo ana atchulidwe mayina. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma musadikire kuti nkhani ifike kukhoti. Thandizo lotere lisaperekedwe tsiku limodzi. Ligaweni pa zaka 2 kapena 3, chifukwa mwezi wa maliro anthu amabwera ambiri, pakatha chaka pakhomo pamangoti zii.

Chomaliza: banja la wopulumutsidwa lisakakamizidwe kupereka. Nawonso nthawi zambiri ataya zonse. Akafuna kubwera ndi nkhuku mwa iwo okha, n'chabwino. Koma zikayamba kuoneka ngati mtengo woikika, tsiku lina wina adzafunsa malipiro asanakankhe bwato.

Wophunzitsa chithandizo choyamba:

Amene akuopa za ana akunena zoona, musawatsutse. Pa ngozi za m'madzi zimachitika kawirikawiri kuti womira wapulumuka, wopulumutsa n'kutsalira, kapena onse awiri kupita. Munthu womira saganiza. Amagwira chilichonse n'kukwerapo, ndipo mwana wa zaka 12 wogwidwa ndi mantha angathe kumiza bambo wodziwa kusambira. Choncho mwambo wolemekeza ukhalenso tsiku lophunzitsa. Zolankhula zikhale zochepa, ola limodzi lathunthu lipite ku chionetsero padooko kapena pabwalo la sukulu.

Dongosolo lake ndi ili, ndipo ana aliloweze. Choyamba kuwa, uitane anthu, ndipo mmodzi asachotse maso pa womirayo, azimuloza ndi chala. Chachiwiri mutalikitsire chinthu: nsungwi ya mamita 4 kapena 5, nkhafi, nthambi, ngakhale chitenje chopota. Wotalikitsayo agone chafufumimba m'mphepete kapena wina amugwire m'chiuno, chifukwa woimirira amakokeredwa m'madzi. Chachitatu ponya choyandama. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotseka bwino, chimanyamula kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 19 m'madzi, zokwanira kusunga mutu wa munthu wamkulu pamwamba. Cha malita 5 chimathandizanso ndipo chimaponyeka patali. Thiranimo madzi okwana kapu imodzi kapena ziwiri kuti mphepo isachiuluze, mangani chingwe cha mamita 20 pa chogwirira, ponyani kupitirira munthuyo kuti chingwe chimudutse paphewa. Mumtsinje ponyani pomwe madzi akumupititsa, osati pomwe ali. Chachinayi pita ndi bwato. Kulowa m'madzi ndi kotsiriza, kwa wamkulu wodziwa kusambira, ndipo asapite chimanjamanja: atenge chigubu, achikankhire kwa womirayo, iye akhale patali ndi manja ake.

Cholakwa chimene chimapha anthu olimba mtima ndi kumangirira wopulumutsa chingwe m'chiuno pa madzi othamanga. Chingwe chikakungika, madzi amamukanikizira pansi ndipo sangathe kumasula mfundo. Chingwe chigwiridwe m'manja, kuti athe kuchitaya. Dziwaninso kuti madzi othamanga a masentimita 15 okha, ongopitirira mu akakolo, angathe kugwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 60 amakokolola galimoto zambiri. Napolo ndiye wina. Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, kunatsika matope ndi miyala, ndipo m'zoterezi mulibe kusambira. Phiri likagumuka kamodzi lingagumukenso, choncho okumba asayambe popanda wina woyang'ana kumtunda ali ndi wezulo.

Munthu akavuulidwa, musamuzondotse, musamupsinje pamimba kuti asanze madzi. Zimenezo zimataya nthawi ndipo masanzi amalowa m'mapapo. Mugonekeni chagada pouma, pendeketsani mutu chakumbuyo, tukulani chibwano, muone kwa masekondi 10 ngati akupuma. Ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali, muvuleni zonyowa, mufunditseni. Ngati sakupuma, mtsineni mphuno, muuzireni mpweya m'kamwa ka 5, mukuona chifuwa chikukwera. Kenako dinikizani pakati pa chifuwa ndi manja awiri ka 30, kulowa masentimita 5 mpaka 6, pa liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi, n'kuuzira ka 2, n'kubwerezanso 30 ndi 2. Kwa mwana dzanja limodzi likwanira, kulowa gawo limodzi mwa magawo 3 a chifuwa. Muzisinthana pa mphindi 2 zilizonse chifukwa mikono imatopa osazindikira. Ngakhale atsitsimuke n'kumalankhula, apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mapapo angayambe kuvuta patapita maola.

Pemphani a Malawi Red Cross Society a m'boma lanu kapena achipatala chapafupi kuti adzaonetse zimenezi. Ndipo pa ndalama zosonkha zija, patulani yogulira zigubu ziwiri, chingwe ndi wezulo zoti zizikhala padooko.

Msodzi wa kunyanja:

Aphunzitsi opuma, pepani, pamodzi sindikugwirizana nanu. Muyeso wa azunguwo woti munthu akhale ataika moyo pachiswe kwambiri, ukatengedwa wonse, tidzalemekeza wodumphira m'madzi yekha, n'kusiya mayi amene anaponya chigubu n'kuvuula mwana iye osanyowa. Chonsecho mwa awiriwa amene tikufuna ana atengere ndi mayiyo. Ulemu ukhale wa mitundu iwiri: wa amene anaika moyo pachiswe, ndi wa amene anapulumutsa ndi nzeru. Onse aitanidwe kutsogolo tsiku limodzi. Ogwira chingwe kumtunda, mwini bwato amene analola kuti lipite, mayi amene anakoleza moto wowothetsa ovuulidwa, atchulidwe mayina. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pachipulumutso sipakhala munthu mmodzi.

Muganizirenso amene anayesetsa koma womirayo n'kufa. Ameneyu ndiye amafunika ulemu kwambiri, chifukwa pamudzi sipachedwa kumveka manong'onong'o akuti anachedwa, kapena zoyipa kuposa pamenepo, zonena za ufiti. Amfumu akaima n'kunena pagulu kuti komiti yafufuza ndipo munthuyu anachita zonse zotheka, pakamwa pa anthu pamatsekeka.

Za bwato ndiwonjezere pa zimene anena ophunzitsa. Bwato losema siligwiridwa m'mbali. Womira akaligwira pakati n'kufuna kukwera, limagadabuka, m'madzi mukhala anthu atatu m'malo mwa mmodzi. Mufikireni ndi nsonga, agwire kumapeto, opalasa amukokere kumtunda ali m'madzi momwemo. Ngati walefuka moti sangagwire, mmodzi amugwire m'khwapa kunsonga komweko, winayo akhale pansi kumapeto enawo kuti bwato lisapendeke. M'bwato lopita kukapulumutsa mukwere anthu 2, osapitirira, ndipo mukhale chokapira madzi. Kunyanja m'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, musalole bwato kutembenuzira mbali ku mafunde. Ku Shire kwanuko pochotsa anthu pamtengo kapena pachulu, yambani ndi ana ndi odwala, ndipo auzeni musanafike kuti mubweranso, apo ayi onse amadumphira m'bwato nthawi imodzi. Madzi osefukira amabweretsanso ng'ona ndi njoka m'malo amene sizikhala, ndipo pamitengo pothawira anthu ndi pomwe njoka zimathawiranso.

Mkulu wa mpingo, Blantyre:

Mfundo ya asodziyi ilowe m'malamulo a komiti yanu. Ine ndikambe za chikumbutso ndi za mwambo weniweniwo.

Musanakonze chilichonse, pitani kwa mwini wake mukamufunse ngati akufuna. Si onse amafuna. Wina amene anavuula mitembo pa Freddy, kapena amene mwana anamupulumuka m'manja, amalota madzi usiku, amadzidzimuka mvula ikagunda pamalata, ndipo kumuimika pagulu kuti afotokoze n'kumutsegula bala. Asakakamizidwe kulankhula. Mlembi awerenge zimene komiti inapeza, m'mawu ochepa, basi. Ngati pakatha mwezi sakugonabe, wayamba kumwa kwambiri kapena akudzipatula, mkulu amene amamukhulupirira amuperekeze kuchipatala. Wopulumutsidwanso afunsidwe ngati dzina lake litchulidwe, makamaka akakhala mwana kapena mayi amene anavuulidwa zovala zitapita ndi madzi. Zithunzi za tsiku la ngozi zisaonetsedwe, ndipo zisaponyedwe pa Facebook kapena pa WhatsApp popanda chilolezo.

Pa za cholembedwa, chitsanzo chabwino chili ku London, pa kapaki kotchedwa Postman's Park. Mmisiri wa zojambula George Frederic Watts anaganiza zoti anthu wamba amene anafa populumutsa ena akhale ndi khoma lawo, ndipo linatsegulidwa mu 1900. Pali timiyala 54, ndipo kalikonse kamanena dzina, zimene munthuyo anachita, malo ndi tsiku, kawirikawiri ndi ntchito yake kapena zaka zake, m'mizere yochepa. Kotsiriza kanaikidwa mu 2009, ka Leigh Pitt, amene anamira mu 2007 atapulumutsa mnyamata wa zaka 9 mu ngalande ya ku Thamesmead. Mphamvu ya khomalo ili poti silichulutsa mawu otamanda. Limangonena chimene chinachitika, wowerenga n'kuima yekha.

Inunso chitani chimodzimodzi. Dzina, ntchito yake, mudzi, tsiku, mtsinje, ndi anthu angati. Mawu asapitirire 30. Musalembe ndi penti pathabwa kapena palata, dzuwa la m'chigwa limafufuta pa zaka zochepa. Lembani mozokota pa simenti ikadali yaiwisi, kusakaniza simenti gawo 1 ndi mchenga wosefa magawo 3, zilembo zozama ndithu, ndipo muzithirira madzi masiku 7 kuti isang'ambike. Chiikeni pakhoma la sukulu kapena pabwalo la amfumu, pamalo okwera pomwe madzi safika, osati m'tchalitchi kapena mumzikiti, chifukwa wopulumutsa sanafunse chipembedzo cha womira. Siyani malo pakhomapo a mayina ena. Dzina lilembedwe kaye papepala, abale alione, chifukwa chilembo cholakwika pa simenti sichifufutika.

Nthawi yabwino ya mwambo ndi Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanayambe, kuti chionetsero cha zigubu ndi zingwe chija chikhale chatsopano m'mitu madzi akamabwera.

Mlembi wa komiti, Chigwa cha Shire:

Zikomo kwambiri akuluakulu, zonsezi tazilemba. Kafunso kamodzi kotsala: malamulo omwewa angagwirenso kwa wolowa m'chitsime kapena m'dzenje la chimbudzi kukatulutsa munthu?

Wophunzitsa chithandizo choyamba:

Kufufuza ndi kuthokoza n'chimodzimodzi, koma phunziro la tsikulo lisinthe. M'chitsime chakuya, ndiponso m'dzenje la chimbudzi, choopsa ndi mpweya. Pansi pamatha kukhala mpweya woipa kapena wabwino n'kuchepa, ndipo munthu amakomoka asanazindikire. N'chifukwa chake pa ngozi zotere pamafa anthu motsatizana, woyamba, womutsatira, ndi wotsatira winayo. Ngati munthu wakomoka pansi popanda chomugwera, dziwani kuti ndi mpweya, ndipo wina asatsike msanga. Ngozi zambiri zimayamba ndi pampu ya petulo kapena jenereta yoikidwa m'chitsime kapena pakamwa pake, choncho izimitsidwe ndi kuchotsedwa. Musatsitse nyali yamoto m'dzenje la chimbudzi, mpweya wake umayaka.

Tumani wina akaitane apolisi kapena ozimitsa moto, ena atsegule pakamwa ponse, alowetse mpweya pokweza ndi kutsitsa ambulera yotambasula kapena nthambi ya masamba ambiri yomangidwa kuchingwe, mobwerezabwereza. Ngati wagwayo ali maso, mutsitsireni chingwe chokhala ndi lupu ya mfundo yosathina kuti adzikoleke m'khwapa, anthu amukoke ali kumtunda. M'dzenje la chimbudzi kapena la septic tank musatsike munthu wopanda zida zopumira, kupemerera kokha sikukwanira. M'chitsime cha madzi, ngati palibiretu njira ina, apa ndi posiyana ndi mumtsinje: wotsikayo amangidwe chingwe m'chifuwa ndi m'ntchafu, chingwe china chikhale cha wovulalayo, kumtunda kukhale amuna osachepera 4, chingwe chidutse pamtanda wolimba wopingasa pakamwa pa chitsime. Azimulankhulitsa osalekeza, ndipo akangochedwa kuyankha kamodzi, akokedwe nthawi yomweyo osamufunsa.